Za ku Perth: Ana olandidwa komanso zidzukulu zawo

Moni nonse, kaya muli ku Area 25, ku Joni kapena kuno ku Australia. Ndangoweruka kumene kunyumba yosamalira okalamba, ndiye mukamva mawu asasa, ndi tulo.

Ife obwera tikangofika kuno timamva anthu akunena kuti Aaborijini, eni nthaka a dziko lino, ndi zidakwa, safuna ntchito, ndipo pakangopita mwezi nafenso tayamba kunena zomwezo. Zimandinyansa, chifukwa ambiri sitidziwa chimene chinachitika.

Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma a kuno ankalanda ana a Aaborijini, makamaka oyererako khungu, n'kukawasiya kumishoni kapena m'manyumba mwa azungu. Lipoti la Bringing Them Home la 1997 linapeza kuti ana olandidwa anali pakati pa mmodzi pa khumi ndi mmodzi pa atatu alionse. Kuno ku Western Australia ambiri ankapita nawo ku Moore River, kampu ya boma yosungirako Aaborijini kumpoto kwa Perth. Ku Kinchela, nyumba yosungirako anyamata olandidwa ku New South Wales, anyamata ankaitanidwa ndi manambala. Amayi ena ankapaka ana awo makala kuti ade, apolisi awadutse.

Kuntchito kwathu kuli agogo ena amene anatengedwa ali ndi zaka zinayi. Mpaka lero amabisa buledi m'pilo. Akamva makiyi akulira pakhonde usiku amadzuka n'kukhala tsonga, ndiye ine ndimavula makiyi anga, ndimagogoda, ndimati, "Agogo, ndine, ndilowe?" Kwa iwo nyumba yathuyi ndi mishoni ina.

Mdzukulu wawo anandiuza kuti agogowo sanakumbatirepo ana awo. Ankawakonda, koma anakulira m'chipinda cha mabedi ondondozana, mopanda wowabereka kumbuyo, mopanda wowaimbira. Mwana wawo wamkazi anakula ndi mkwiyo, analowerera mowa, nayenso a boma anadzamulanda ana. Mibadwo itatu. Tangoganizani munthu wosadziwa mfunda wake, mudzi wake, ngakhale manda a amayi ake, chinenero chomwe anakwapulidwa mpaka kuchiiwala. Ana ake awauza chiyani?

Pa 13 February 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo ku Canberra, ndipo pa 26 May chaka chilichonse kuli Sorry Day, tsiku lokumbukira ana olandidwawa. Kupepesa kunali koyenera, sindikutsutsa. Koma lero ana a Aaborijini ndi pafupifupi 6 pa 100 alionse m'dziko muno, pomwe mwa ana ochotsedwa kwa makolo ndi boma, iwo ndi oposa 40 pa 100. Ena mwa Amalawi amene mukumvetsera mumagwira ntchito m'maofesi omwewo oona za ana, mukudziwa.

Mdzukulu uja pano akufufuza mafayilo akale kudzera ku Link-Up, mabungwe olumikizanitsa mabanja amene anayamba mu 1980. Wapeza dzina la mchemwali wa agogo, ndipo akudikira kumva ngati ali moyo.

Tionana Loweruka likubwerali. Tsalani bwino.