Kodi nkhope ya munthu imagawikadi patatu?

Imani pagalasi, muyeze ndi zala. Kuchokera pamene tsitsi layambira mpaka pakati pa nsidze, gawo loyamba. Kuchokera pansidze mpaka kunsi kwa mphuno, lachiwiri. Kuchokera pamenepo mpaka kunsonga kwa chibwano, lachitatu. Ophunzira kujambula amauzidwa kuti magawo atatuwa ndi ofanana. Mfundoyi ndi yakale kwambiri: Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma, anailemba Yesu asanabadwe, ndipo Leonardo da Vinci anaitsatira pa chithunzi chake chotchuka cha m'ma 1490. Palinso lamulo lina loti pakati pa maso awiri pazikwana diso limodzi, ndipo nkhope yonse m'lifupi ikhale ya maso asanu.

Ngati zanu sizinagwirizane, musade nkhawa. Dokotala wina, Leslie Farkas, anayeza nkhope za anthu ambirimbiri m'zaka za m'ma 1980, napeza kuti ndi ochepa amene amakwanira m'malamulo amenewa. Nthawi zambiri gawo lam'munsi limatalikirapo. Kwa ine, malamulowa ndi othandiza wojambula poyamba ntchito, basi. Si muyeso wa kukongola.

Tsopano tembenukani, tione nkhope cham'mbali. Apa mbiri yake ndi yowawa. Petrus Camper wa ku Netherlands, m'zaka za m'ma 1700, ankayeza mmene chipumi ndi nsagwada zapendekera, ndipo amene anabwera pambuyo pake anagwiritsa ntchito muyesowo ponena bodza loti mitundu ina ya anthu ndi yapamwamba. Kupendeka kwa nkhope sikunena chilichonse za nzeru.

Komabe kuyang'ana cham'mbali kuli ndi ntchito yake kuchipatala. Choyamba mutu uyenera kuimikidwa mofanana kwa aliyense, choncho akatswiri anagwirizana ku Frankfurt m'ma 1880 za mzere wochokera pamwamba pa bowo la khutu kufika kunsi kwa chibowo cha diso. Mzerewo ukagona mowongoka, mutu waima bwino. Kenako dokotala wa mano amaona chibwano. Chikabwerera m'mbuyo, nkhope imaoneka yotukuka pakati. Chikatsogola, imaoneka yolowa. Edward Angle mu 1899 anaika kalumidwe ka mano m'magulu atatu, ndipo mpaka lero okonza mano amawagwiritsa ntchito.

Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zimene zala zimapeza pansi pa khungu. Lumani mano mwamphamvu, mugwire patsaya chakumbuyo. Mnofu wolimba umene watukukawo ndi wotafunira. Tsatirani m'mphepete mwake mwakutsogolo mpaka kunsi kwa fupa la nsagwada, masulani mano, dinikizani pang'ono. Mwamva kugunda? Ndi mtsempha wamagazi umene ukukwera kuchokera m'khosi kukadyetsa nkhope. Mtsempha wina muupeza patsogolo penipeni pa khutu, ndipo ogonetsa odwala pa opaleshoni amatha kumvera pamenepo thupi lonse litafundidwa.

Yendetsaninso chala pafupa la pansi pa nsidze, kuyambira chakumphuno. Anthu ambiri amamva kamphako kakang'ono, ndipo mukakanikiza pamawawa. Pamenepo pamatuluka mtsempha wa mauthenga wopita pachipumi. Tsikani molunjika: kunsi kwa diso pali kabowo kachiwiri, pansagwada yam'munsi kachitatu. Timabowo titatuti tili pafupifupi pamzere umodzi, ndipo m'timeneti mumadutsa nthambi za mtsempha wa trigeminal, umene umachititsa kuti nkhope imve kukhudzidwa, kutentha ndi ululu. Wosoka bala la pamlomo amabaya jekeseni wa dzanzi pafupi ndi kabowo koyenera, mlomo n'kuuma mbali imeneyo.

Malo otsiriza muwagwire mofatsa. Ali m'mbali mwa mutu, kumbuyo kwa ngodya ya diso, zala ziwiri pamwamba pa fupa lochokera patsaya kupita kukhutu. Pamenepo pamakumana mafupa anayi a chigaza, dzina lake pterion. Fupa ndi lopyapyala, ndipo kuseri kwake kumadutsa mtsempha wamagazi wodyetsa chikuto cha ubongo. Mtsemphawo ukang'ambika, magazi amaunjikana m'chigaza n'kumafinya ubongo. Choopsa n'chakuti munthu amatha kudzuka, kuyankhula bwinobwino, kenako patapita maola n'kuyamba kusanza, kuwodzera, n'kukomoka. Womenyedwa pamenepa apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akunena kuti ali bwino.