Usiku umene nangula anazuka pa mtsinje wa Dart

Moni nonse abale anga, a ku Joni, a ku Cape Town, a ku Dublin, ndi inu a kuno ku UK amene mukundimvera muli pa ntchito ya usiku. Lero malonje achepa, chifukwa mtima udakali m'mwamba ndi zimene zachitika Loweruka lapitali, ndipo ndikapanda kuzilankhula ndidwala nazo.

Mukudziwa kale kuti ndimagwira ntchito pa yacht, boti la matanga, la bwana wina amene amanyamula alendo olipira kumapeto kwa sabata. Dzina sinditchula. Alendo anadyera ku Dartmouth, tawuni ya ku England imene ili pamene mtsinje wa Dart umathira m'nyanja, mpaka usiku, ndiye tinakwera mtsinje mochedwa, n'kufika chakumunsi kwa mudzi wa Dittisham cha m'ma 11 koloko. Malo omangirira maboti a alendo anali atadzaza. Bwana akuti tiponye nangula. Chabwino, imeneyo ndi ntchito yanga, ndipo ndimaidziwa.

Makina oyeza kuya anaonetsa mamita 3. Bwana ali ku chiwongolero akukuwa kuti nditsitse tcheni cha mamita 15 basi, ati chakwana n'kutsala. Ine ndinabwerera kumbuyo n'kuwauza mwaulemu kuti, bwana, madziwa atsala pang'ono kuphweratu, mwezi ndi wathunthu, pofika m'mawa pano padzakhala pakuya mamita 7. Anandiyang'ana n'kuseka, ati iwe kwanu kulibe nyanja yamchere, undiphunzitsa chiyani. Pamaso pa alendo, abale anga. Mawu amenewo ndi amene akundiwawa kuposa ndalama zimene andidula, koma za ndalamazo ndifika.

Inde, kwathu kulibe nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi imakwera ndi mvula, n'kutsika m'chilimwe, pang'onopang'ono. Bwato ukalisiya pamchenga madzulo, m'mawa umalipeza pomwepo, choopa ndi mwera basi. Masiku ena ndimawasowa madzi amenewo mpaka misozi kulengeza. Koma chifukwa choti sindinabadwire m'madzi a kuno, ndinawaphunzira mwakhama kuposa eni ake. Ndipo inu amene mukufuna ntchito za m'maboti, tcherani khutu, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mtsinje wothira m'nyanja yamchere suyenda mbali imodzi. Madzi amalowa kwa maola 6 ndi mphindi zochepa, kenako amatembenuka n'kutuluka kwa nthawi yomweyo. Amadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa amatsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi, madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Pa Dartmouth kusiyana kwake kumapitirira mamita 4 nthawi ngati imeneyi. Ku mtsinje wa Severn kumapitirira mamita 12. Ndipo sakwera mofanana ayi. Ola loyamba amabwera mwaulesi, koma ola lachitatu ndi lachinayi ndi pamene theka la madzi onse limalowa, ndi liwiro lake lomwe.

Tsono nangula ali ngati khasu. Ukalikoka chogona limakumba pansi, ukalikokera m'mwamba limazuka. Chimene chimagwira boti si kulemera kwa chitsulocho ayi, koma tcheni chachitali chogona pamatope, chokoka nangula cham'mbali. N'chifukwa chake timatsitsa tcheni chotalika kanayi kuposa kuya kwa madzi, ndipo chikakhala chingwe, kasanu ndi kamodzi kapena kuposa. Kuya kumene ukuwerengera ndi kwa nthawi imene madzi adzadzaze, kuwonjezera mita imodzi yochokera pamadzi kufika pamphuno ya boti. Mamita 8 kuchulukitsa kanayi, ndi 32. Ife tinali ndi 15.

Ndinayatsa nyale yoyera ya pamwamba pa mlongoti monga lamulo linenera, ndinatchera alamu ya nangula pa foni, n'kukhala panja nditavala jekete. Bwana anakagona ndi vinyo wawo m'mutu.

Itangokwana 1 koloko, boti linayamba kuzungulira. Amene simunaonepo, zimachititsa nthumanzi. Palibe injini, palibe wapalasa, koma nyale za ku Dittisham zimene zinali kumphuno zikusuntha mpaka kukafika kumbuyo. Maboti onse oyandikana nafe akutembenuka pamodzi. Nangula amene anakumba akuyang'ana mbali imodzi tsopano akukokedwa chobwerera, ndipo ayenera kuzuka n'kukumbanso. Apa m'pamene tcheni chachifupi chimakuperekera.

Ndiiwala, m'mawa mwake, ngozi imene ndikufotokozayi itadutsa, bwana yemweyu anauza alendo pa tiyi kuti anamva yekha boti likusuntha ali m'tulo, ati zaka zambiri pamadzi zimapatsa munthu khutu. Ine ndili pomwepo ndikutsuka matope patcheni, zala zitachita dzanzi. Abale anga, tisamalole zimenezi kutilowa m'magazi. Timabwera kuno, tigwira ntchito imene ena aithawa, tidziwa zinthu, koma tikayankhula amamva kalankhulidwe kathu osati nzeru yathu. Ena mwa ife tafika pongoti yes boss ngakhale tikuona ngozi ikubwera, kuopa kuti sabata yamawa sadzatiitana. Ine ndikuti yankhulani. Yankhulani mwaulemu, kamodzi, kawiri, ndipo akakana, lembani m'buku la boti nthawi ndi zimene mwanena. Pamadzi ukakhala chete sufa wekha, umatenga ndi ana a eni ake amene agona pansipo.

Tibwerere. Cha m'ma 4 koloko madzi anali akulowa mwamphamvu, mphepo nayo yadzuka. Ndinapita kumphuno n'kuika dzanja patcheni. Nangula akagwira, tcheni chimakhala chete, chimangolimba ndi kumasuka. Ichi chinali kunjenjemera, gudugudu, kudumpha pansi. Alamu isanalire n'komwe ndinali nditaliza kale injini. Ndinamenya chitseko cha bwana ndi chibakera, n'kuthamangira kuchiwongolero. Kumbuyo kwathu kunali boti lina lomangidwa, tikuliyandikira chambuyo mumdima. Ndinakankha giya kupita kutsogolo, tinalizemba, koma m'mbali mwathu munakhula pa buoy yake, chinthu choyandama chimene analimangirapo, utoto n'kukalika kutalika ngati mkono. Bwana anatuluka maso ali psuu, ndinawapatsa chiwongolero, ine kumphuno kukweza nangula. Anatuluka atakulungidwa ndi udzu wa m'madzi ndi matope akuda. Tinasuntha, tinaponyanso, ndipo ulendo uno ndinatsitsa mamita 35 osafunsa munthu. Tinabweza injini chambuyo mpaka tcheni chinawongoka n'kuima nji.

Lolemba uthenga walowa pa foni, ati mtengo wokonzera utoto auchotsa pa malipiro anga chifukwa ine ndi amene ndinali pa ulonda. Ulonda umene sanandiuze n'komwe, ndinadzipatsa ndekha! Koma foni inasunga mzere wonse wa mmene boti linayendera usikuwo, ndipo m'buku ndinalemba kuti 23:10, ndapempha tcheni cha mamita 32, akana. Tsambalo ndinalijambula. Mawa m'mawa ndikupita nazo kudoko, tikakhale pansi. Akabweza ndalama zanga, Loweruka ndikwera nawo. Akakana, pa Dart pali maboti ambiri, ndipo mwini wa boti lija tinalizemba anandifunsa kale nambala.