Kwa anamwino atsopano a ku fiyeta: stapler ya opaleshoni ya mawa

Mwaswera bwanji anzanga nonse a ku fiyeta. Tamverani pang'ono. Mawa tili ndi opaleshoni yodula thumbo n'kulilumikizanso, ndiye adokotala agwiritsa ntchito stapler, chida cholumikiza mnofu pokhoma timawaya, m'malo mosoka ndi ulusi.

Chidachi n'chakale ndithu. Choyamba anachiyambitsa dokotala wa ku Hungary, Hümér Hültl, mu 1908, koma chinkalemera makilogalamu opitirira atatu. Za lero n'zopepuka, timawaya take ndi ta titanium, zina zimayendera batire kuti dzanja lisagwedezeke pokhoma. Zina zimakhoma mizere itatu uku, itatu uku, mpeni n'kudula pakati nthawi yomweyo.

Tsono mbali yanu ndi iyi. Musanang'ambe paketi, onani mtundu wa cartridge, kabokosi ka timawaya koika mu stapler. Pa zida za kampani ya Ethicon, yoyera ndi ya popyapyala ngati mitsempha ya magazi, yabuluu ya matumbo, yobiriwira ya pokhuthala ngati kumunsi kwa chifu. Zida zotchedwa Tri-Staple za kampani ya Medtronic mitundu yake ndi ina, choncho musadalire maso okha. Werengani mokweza zolembedwa papaketipo, adokotala avomere kaye.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira pamenepa? Kawaya kokhomedwa bwino kamapindika ngati chilembo cha B, ndipo timipata ta B-yo ndi timene timalola magazi kuyendabe kuti polumikizapo papole. Timawaya tikafupika pamnofu wokhuthala, sitipindika bwino. Tikatalika pamnofu wopyapyala, magazi amachucha.

Adokotala akapana thumbo, werengani masekondi 15 asanakhome. Musachite manyazi, ngakhale akhale akuluakulu. Pamasekondi amenewo madzi a m'mnofu amafinyika, mnofu n'kuphwa, timawaya n'kulowa mofanana. Akakhoma, musanaike cartridge ina, tsukuluzani kukamwa kwa stapler m'madzi a m'mbale yathu ija kuti timawaya totsalira tichoke.

Stapler ya circular, yozungulira yolumikizira thumbo, ikatuluka, itseguleni mutulutse madonasi awiri a mnofu, ndiye kuti mphete za thumbo zimene yadula. Ayaleni pa gauze, muwatembenuze ndi forceps. Onse akhale ozungulira, osaduka paliponse. Limodzi likakhala lodukiza, nenani pompo asanatseke pamimba, chifukwa chimbudzi chikamadontha m'katimo patapita masiku, wodwala tikhoza kumutaya.

Stapler ikakakamira, osaikoka mwamphamvu ayi, adokotala ali ndi njira yoimasulira. Ikatuluka musaitaye. Isungeni pamodzi ndi paketi yake, mulembe nambala ya lot (ya gulu limene inapangidwira limodzi), mundipatse ndisanaweruke.