Boma likakukanani thandizo, werengani masiku

Eya, mukundimva? Uthenga woyamba uja unaduka, ndiye ndiyambirenso.

Ndimati, ofesi ya boma ikakukanani thandizo, kaya ndi penshoni, kaya ndalama za okalamba, kaya za aulumali, pemphani kalata. Kalata, abale anga, osati mawu apakamwa. Akangoti simukuyenera, auzeni alembe chifukwa chake.

Ndiye mukapita ku khoti... ayi, dikirani, ndathamanga. Maofesi ambiri amakhala ndi njira yawoyawo ya apilo. Yambirani kumeneko, molemba. Mukailumpha, jaji akhoza kukubwezani komweko.

Tsopano apa mvetsetsani, apa mpamene ine ndinagwa. Nthawi. Ku England malire okapempha khoti kuti liunike chiganizo cha boma ndi miyezi 3, ndipo safuna kuti mudikire tsiku lomaliza. Ku South Africa lamulo lawo la chaka cha 2000 limati masiku 180. Kwanuko funsani loya lero lomwe. Ine inali nkhani ya mayi anga. Kalata itabwera ndinaipinda n'kuiika pansi pa matiresi. Ndikapita ku ofesi kuja, ankangoti bwerani sabata yamawa, tikuionabe. Sabata yamawa, sabata yamawa. Ine n'kumaganiza kuti poti tikukambirana, masiku aima. Sanaime ayi. Apilo yolemba ndi ina, kucheza pa kauntala ndi zina. Loya anangoloza chala pa deti la pamwamba pa kalata ija, n'kupukusa mutu. Khoti limatha kuwonjezera nthawi, inde, koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo ine ndinalibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anandiuza ndidikire. Zimandiwawabe mpaka pano.

China, amayi ena afunsa ngati jaji adzawapatse ndalamazo. Nthawi zambiri ayi. Jaji amaunika mmene chiganizocho chinapangidwira: kodi anatsata lamulo, kodi anakumvani mbali yanu, kodi zifukwa zawo n'zomveka. Akapeza kuti analakwitsa, amachifafaniza n'kuwauza akaganizenso. Akaganizenso, mwamva? Akhoza kukukananinso, koma ulendo uno motsata lamulo.

Pali bambo ena tinawauza zonsezi, iwo ayi, anakalongosola za umphawi wawo kuyambira pachiyambi, kalata yowakana atasiya kunyumba. Umphawiwo unali weniweni, komatu funso silinali limenelo.

O, ndinaiwala, envelopu musataye, chidindo chake chimasonyeza tsiku lomwe anaitumiza. Ndipo fotokope, chilichonse chomwe mwapereka chikhale ndi fotokope, akudindireni kuti alandira.