Mwapita Kukagwira Ntchito Kutali: Loji Yosamala Alendo Mumaidziwa Bwanji?

Chithunzi: galimoto ikulowa pageti la loji usiku.

Mwanyamuka ku Lilongwe masana, mwayenda makilomita pafupifupi 350 pamsewu wa M1, mwadutsa Kasungu, Jenda ndi chifunga cha ku Chikangawa, ndipo mwafika ku Mzuzu cha m'ma 9 koloko usiku. Msonkhano uyamba mawa 8 koloko. Munthu wa paulendo wa ntchito safuna zambiri: tulo, madzi otentha, chakudya pa nthawi yake, ndi lisiti lokaonetsa ku ofesi. Tiyeni tione mmene maloji awiri angamulandirire.

Chithunzi: pakauntala yolandirira alendo.

Pa loji yoyamba wolandira alendo maso ali pafoni. Mukutchula dzina lanu, iye akutembenuza buku, kenako akuti: "Chipinda chija tinapereka, timaganiza kuti simubweranso." Cholakwika chinachitika masana. Amene analandira foni yanu yosungitsa chipinda analemba dzina papepala, sanalowetse m'buku, ndipo posinthana ntchito sanauze mnzake wa usiku.

Pa loji yachiwiri anakuimbirani cha m'ma 5 koloko kufunsa kuti mufika nthawi yanji. Anakuuzaninso kuti khitchini amatseka 9 koloko, ndiye ngati mukufuna chakudya munene msanga akusungireni. Mukufika, mlonda wakuonetsani poimika galimoto, ndipo pakauntala akuti: "Takulandirani bambo, mwayenda bwanji? Makiyi ndi awa." Kulembetsa sikupitirira mphindi zisanu.

Chithunzi: m'chipinda.

Musanamasule chikwama, onani zinthu izi. Tsegulani mpopi wa shawa. Giza sitenthetsa madzi nthawi yomweyo, imafuna ola limodzi kapena awiri, choncho loji yodziwa ntchito imaiyatsa mlendo asanafike, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene ku Mzuzu kumazizira kwambiri. Tambasulani neti muone ngati ilibe zibowo. Lumikizani chaja pasoketi, chifukwa soketi yakufa mumaizindikira m'mawa foni itazima, alamu osalira. Funsaninso kuti chipindacho chili mbali iti. Ngati chayang'anizana ndi bala ndipo ndi Lachisanu, pemphani china nthawi yomweyo. Wolandira alendo wanzeru amafunsa yekha ngati mwabwerera ntchito, n'kukupatsani chipinda cha kuseri.

Tsono nkhani ya magetsi. Kuzima kwa magetsi si mlandu wa loji, aliyense amadziwa. Kusiyana kuli pa zimene akuuzani. Ena amangoti "jenereta ilipo", osanena kuti amaizimitsa 10 koloko kuti asunge dizilo, kapena kuti siyikoka giza, ketulo ndi ayironi. Inu mwasiya malaya kuti mudzasite m'mawa, kukucha kuli mdima. Loji yabwino imanena poyera kuti jenereta imayaka kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, ndipo imakutengerani malaya usiku womwewo kukasita. Madzi akavuta, mumapeza ndowa yodzaza kale m'bafa, ndipo m'mawa amagogoda ndi madzi otenthetsa pamoto musanawapemphe.

Chithunzi: m'chipinda chodyera.

Apa ndi pamene mawu akuti "pompano" amapweteka anthu. Mwaitanitsa nkhuku ya lokolo, woperekera zakudya wavomera, koma nkhukuyo ikadali youma mufiliji ndipo kuti ifewe pafunika nthawi yoposa ola. Sananene chifukwa amaopa kukukhumudwitsani. Wodziwa ntchito amanena kuti: "Pepani bambo, lokolo itenga nthawi, koma chambo ndi nsima zipsa m'mphindi 30." Mlendo akadziwa zoona amasankha yekha, ndipo sakwiya.

Kadzutsa naye ali ndi msampha wake. Maloji ambiri amayamba kupereka cha m'ma 7 koloko, pamene inu mwina mukunyamuka 6 koloko. Nenani usiku. Malo osamala amakukonzerani mazira owiritsa, buledi ndi tiyi wa mufulasiki. Malo osasamala amakuuzani kuti wophika sanafike, koma ndalama ya kadzutsa ili kale mumtengo wa chipinda ndipo sakubwezerani.

Chithunzi: pakauntala m'mawa, mlendo atanyamula chikwama.

Lisiti musalisiyire nthawi yotuluka. Akawuntanti wa ku ofesi kwanu adzafuna lisiti lovomerezeka ndi MRA, lokhala ndi dzina la loji, tsiku, masiku amene mwagona ndi ndalama zonse, ndipo nthawi zambiri dzina la kampani yanu osati lanu. Pa loji yosalongosoka mudzamva kuti buku la malisiti latsekeredwa mu ofesi ya bwana, bwanayo abwera 9 koloko. "Tikutumizirani pa WhatsApp", amatero, ndipo mudzaimba foni sabata yathunthu. Lipirani usiku, mulandire lisiti usiku womwewo. Funsaninso pofika ngati mtengo umene akutchulawo waphatikiza kale VAT, komanso ngati makina a khadi akugwira ntchito. Netiweki ikavuta, loji yokonzeka imakhala ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi, osati ya wantchito.

Chinthu chikalakwika, dandaulani nthawi yomweyo, kwa munthu amene angathe kuchikonza. Mtsikana wokonza m'zipinda sangasinthe chipinda chanu, ndipo kumukalipira n'kungomulakwira. Pitani pakauntala, nenani vuto, nenaninso chimene mukufuna: chipinda china, ndowa ya madzi otentha, kapena kuchotserako mtengo. Akayankha kuti "alendo ena sadandaula", musatayenso nthawi, funsani manijala. Akati "pepani, tikonza m'mphindi 10" ndipo mphindi 10 zisanathe wina wagogoda pachitseko atanyamula ndowa, sungani nambala ya lojiyo mufoni ndipo mukaipereke kwa amene amakonza maulendo ku ofesi kwanu.