Roland Garros: bwalo lofiira lija SI KATONDO, tandimverani kaye

(Kamera pankhope, kumbuyo kukuoneka nyanja)

Abale anga muli bwanji kulikonse komwe mukuonera, ine ndili kuno ku Mangochi ndipo mphepo ya mwera yayamba kale ndiye mukamva phokoso mu maikimu mundikhululukire. Musasunthe, chifukwa vidiyo ino isanathe ndikuonetsani kuti bwalo limene anthu akumenyerapo tenesi ku Paris pano, chinthu chake muli nacho kuseri kwa nyumba yanu, mwina mwachiponda lero m'mawa.

Sabata yachiwiri ya Roland Garros yafika, mpikisano waukulu wa tenesi wa ku Paris umene ena amati French Open, ndipo ligi ya ku England yatha ndiye ambiri mwayamba kusuzumira tenesi mosowa chochita, musakane, ndikukudziwani. Tiyeni tithamange.

Choyamba, malamulo, mwachangu chifukwa ndinapanga kale vidiyo yake, linki ili m'munsimu. Mapoyinti amayenda 15, 30, 40, gemu. Magemu 6 ndi seti koma utsogole ndi awiri, zikafika 6-6 pali tie-break, gemu yapadera yothetsera seti. Amuna amafunika kuwina maseti atatu, akazi awiri. Amayamba anthu 128, kuti utenge chikho uwine masewero 7 motsatizana, ukaluza kamodzi nyamula chikwama. Basi.

Chachiwiri, nthawi. Apa Mulungu anatikondera, nyengo ino wotchi ya ku Paris ndi ya kuno ndi chimodzimodzi, akati 3 koloko masana ndi 3 koloko ya pa M'baluku pomwe. Palibe zodzuka usiku ngati za US Open zija. Ndipo musamati Roland Garros anali katswiri wa tenesi, ayi, anali woyendetsa ndege, munthu woyamba kudutsa nyanja ya Mediterranean pa ndege mu 1913, anafera ku nkhondo mu 1918, sitediyamu anaimanga mu 1928 n'kuipatsa dzina lake. Tapita.

Chachitatu. Eeh. Apa ndiye pomwe ndabwerera, khalani bwinobwino.

Pa vidiyo yapita ija munthu wina analemba mu komenti kuti azungu aja akusewera pa katondo, ife tikhoza kungosesa pabwalo la sukulu n'kuyamba. Wina pa shoo dzana akuuza anzake molimba mtima kuti lija ndi dongo, longa loumbira mbiya, anthu n'kumagwedeza mitu. Ine ndinangokhala chete chifukwa munthuyo ndi wamkulu kwa ine, koma mkati ndimawira. Akuluakulu, mukundionera ndikudziwa, pepani, lija si dongo ndipo si katondo.

Ndi njerwa. Njerwa zootcha, zofiira, zogayidwa mpaka kusanduka ufa.

(Onetsani hafu ya njerwa m'manja, kenako chithunzi cha bwalo chodulidwa pakati)

Ndipo ufa wofiirawo ndi wochepa modabwitsa, mamilimita amodzi kapena awiri basi, ngati mmene mumawazira mchere pa chambo chowamba. Kufiira konse kuja mukuona pa TV, kodetsa masokosi kuja, ndi kachikuto chabe. Pansi pake pali mwala wa laimu wogaya, woyera, mtundu womwewu timapangira njereza, masentimita 6 kapena 7, wotsindiridwa mpaka kulimba gwa. Ndiye kunena zoona anthu aja akuthamanga pa laimu, osati pa dothi. Mukaonetsetsa seti ikamapita kumapeto, kumbuyo kwa mzere komwe amaponda kwambiri kumayamba kuyererako, ameneyo ndi laimu akusuzumira. Pansi pa laimu pali zotsalira za malasha otenthedwa, masentimita 7 kapena 8, pansi pake miyala ya kwale yokwana masentimita 30 kapena kuposa, kenako ngalande zochotsa madzi. Ntchito ya amisiri iyi, si zosesa pabwalo la sukulu ayi.

Tsopano ndikudziwa wina wayamba kale kutaipa kuti koma njerwa si dongo lomwelo? Taimani. Inu amene munaumbapo njerwa ndiyankheni, zidina zikanyowa ndi mvula ya Januwale zimatani? Zimasungunuka, zimabwerera kukhala matope. Nanga zotuluka mu uvuni? Zikhoza kugona panja zaka, madzi amangolowa n'kutuluka. Moto umasintha dongo, silibwereranso mwakale. Nkhani yonse yagona pamenepo. Bwalo la dongo lenileni mvula ikagwa ndi matope masiku angapo, dzuwa likawomba ngati lathu la Okutobala limang'ambika ming'alu, amayi amene amazira m'nyumba akudziwa zomwe ndikunena. Pomwe ufa wa njerwa umalola madzi kudutsa, n'chifukwa chake ku Paris kamvula kowaza kakamagwa anthu amapitiriza kumenya, chinthu chomwe ku mpikisano wa Wimbledon ku England, komwe amasewera pa kapinga, sichingatheke, kumeneko dontho limodzi athamangira kuvundikira. Moti bwalo la ku Paris lija amachita kulithirira dala ndi paipi, n'kulikokera ukonde kuti ufa ufalikire bwino, apo ayi mphepo iutenga wonse.

Nkhani imene amaikamba ya chiyambi chake ndi yoti cha m'ma 1880 ku Cannes, kumwera kwa France, abale awiri a ku England a banja la Renshaw anaona kapinga wa mabwalo awo akupsa ndi dzuwa, ndiye anatenga miphika yadothi yootcha yowonongeka ya ku Vallauris, tauni ya oumba mbiya pafupi pomwepo, n'kuigaya n'kuwaza pamwamba. Mapale, abale. Mapale omwe ife timakazingira chimanga.

Ndipo si mabwalo onse otere ali ofiira. Ku Charleston ku America ndi obiriwira chifukwa amagaya mwala wina. Ku Madrid mu 2012 anayesa la buluu, osewera anadandaula kuti likuterera, Nadal ndi Djokovic anaopseza kuti sadzabweranso, chaka chotsatira linabwerera kufiira. Federer ndi Serena Williams ndi omwe anawina pa buluupo, ndipo sizinachitikenso.

Ngati mwaphunzirapo kanthu mpaka apa dinani laiki, sikudya bandulo, ndipo amene simunapange subscribe mukudikira chani, dinani ndi kabelu komwe. Tipitirize.

Chachinayi, ufa umenewu umachita chani pa mpira, chifukwa izi ndi zomwe muzionera mu makotafainolo. Mpira ukagwa umakumba pang'ono mu ufa uja, liwiro limachepa, koma umadumpha kupita m'mwamba, makamaka ngati womenyayo waupotokola kuti uzizungulira chakutsogolo. Ndiye munthu wa sevu yamphamvu, uja amangoponya bomba poyinti yatha, kuno amapeza mpira wake ukubwerera, wabwereranso, wabwereranso kachitatu, mpaka mpweya kutha. Pete Sampras, wa sevu yamphamvu yotere, anatenga zikho 14 za mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi koma cha ku Paris sanachigwirepo. Federer kamodzi kokha, 2009. Ndiye pali Rafael Nadal, ka 14, kuyambira 2005 mpaka 2022, masewero 112 kuwina, kuluza anayi okha, mpira wake umadumpha kufika m'mapewa mwa mnzake ndiye tayesani kumenya chinthu chili pamwamba pa phewa kwa maola anayi muone ngati mawa mungapalase kabaza. Kwa akazi Chris Evert ali ndi 7, Iga Swiatek anatenga 2020, 2022, 2023 ndi 2024.

Muziyang'ananso nyengo. Dzuwa likawala bwalo limauma, mpira umathamanga n'kudumpha kwambiri. Kukazizira kapena masewero a usiku aja, amene anayamba mu 2021, mpira umalemera, umamwa chinyezi ndi ufa, zonse zimayenda pang'onopang'ono. Munthu yemweyo masana mfumu, usiku akuvutika, inu n'kumati wadyetsedwa, ayi ndi bwalo.

Ndi kutsetsereka kuja. Sakuterereka mwangozi, amachita dala, amatsetsereka asanamenye mpira kuti akamamenya akhale ataima kale n'kubwerera pakati. Amene sanakulire pa bwalo lotere amamenya kaye kenako n'kutsetsereka kupita kutchire, poyinti yapita. Anyamata a kugombe kuno amene mumathamanga pa mchenga musadzinamize, mchenga umamira, apa pansi ndi polimba, pamwamba pokha ndi poyenda.

Chachisanu, chidindo. Mpira umasiya chizindikiro pa ufa, ndiye pakakhala mkangano woimbira amatsika pampando wake wautali uja kukaloza ndi chala. Mu 2025 zikho zina zitatu zikuluzikulu zinali zitasiyira makina ntchito yoona ngati mpira wagwa mkati kapena kunja kwa mizere, Paris yokha inasunga anthu. Ine zimandisangalatsa, koma nthawi zina amaloza chidindo cholakwika ndiye mkangano wake umaposa wa penate ya Bullets ndi Wanderers.

Chachisanu ndi chimodzi, kaya tili pa nambala chani, musachoke pa TV chifukwa wina watsogola maseti awiri. Fainolo ya 2025, Jannik Sinner anatsogola maseti awiri, mu seti yachinayi anali ndi mwayi katatu wotseka nkhani, poyinti imodzi yokha, Carlos Alcaraz anapulumuka katatu konseko n'kudzawina patatha maola 5 ndi mphindi 29, fainolo yaitali kuposa ina iliyonse ya Roland Garros, seti yomaliza inathera pa tie-break ya mapoyinti 10 ija anayambitsa mu 2022. Ine tsiku limenelo magetsi anathima seti yachinayi ili mkati, ndinatsatira pa foni ndi batire ya 9 peresenti nditaima pamsewu kusaka netiweki, mnzanga amene ndinali naye anapita kukagona akuti zatha izi, m'mawa sanandikhulupirire. Ndiye tchajani mafoni masana, gulani bandulo isanakwane nthawi. 

Ofuna wochemerera wa kwathu kuno ku Africa, Ons Jabeur wa ku Tunisia anatenga chikho cha Madrid mu 2022 pa bwalo lofiira la mtundu womwewu. Ndipo mwamuna womaliza wa ku France kuwina Roland Garros, Yannick Noah mu 1983, bambo ake anali a ku Cameroon, anakulira ku Yaoundé komwe katswiri wa tenesi wa ku America Arthur Ashe anamuona ali mwana. A France akudikirabe mpaka lero.

Mu komenti mundiuze mukuona ndani akunyamula chikho, amuna ndi akazi, ndipo wolemba kuti katondo ndimubloka, ndikunena zoona. Vidiyo yotsatira ndikugaya njerwa iyi mu mtondo wa mayi anga tione ngati mpira udumphe, iwo sakudziwa ndiye musawauze.