Musachoke pa chikombole

Mwauka bwanji abale ndi alongo. Aheberi 8:5 mumaidziwa, Mose anauzidwa kuti apange zonse monga mwa chitsanzo chimene anaonetsedwa paphiri. Lero musachoke pa chikombole.

Sabata ino yandilemera, nyumba yathu ku Mchini yaima pa mawindo, ndalama kulibe, ndiye aliyense ali ndi nzeru zake, wina ati katenge kaloba, wina ati chepetsa simenti palibe adzaona. Usiku tulo osabwera.

M'maselo a thupi lathu muli ka enzyme, kachinthu kofulumizitsa ntchito za m'selo, kotchedwa RNA polymerase, ana a Biology amakadziwa. Ntchito yake ndi kuumba RNA, kope la malangizo a m'selo, koma sikaumba za m'mutu mwake ayi, chikombole chake ndi DNA, momwe mwalembedwa malangizo a chibadwa chathu. DNA ili ndi zingwe ziwiri zopotana, iko kamawerenga chimodzi chokha, kakapeza chilembo G kamaika C, kakapeza C kamaika G, kakapeza T kamaika A, kakapeza A kamaika U, basi. Munaonapo mnyamata woumba njerwa kudambo akusintha chikombole pakati pa ntchito chifukwa chikombole cha mnzake chaoneka chachikulu? Khoma limenelo mvula ya Januwale ingalisiye? Nanga ife bwanji timathamangira chikombole cha aneba.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi ichi, ka enzyme aka sikatsegula DNA yonse nthawi imodzi. Kamatsegula kagawo kakang'ono, zilembo khumi ndi zochepa chabe, kuwerenga, kusuntha, kumbuyo zingwe zija nkutsekanso. Kutsogolo sikakuona koma ntchito ikuyenda. Ine ndimafuna Mulungu andionetse mpaka malata, mpaka penti, Iye akungondipatsa dothi la njerwa imodzi. Lipondeni bwino dothilo, lowetsani m'makona onse, salazani pamwamba.

Komanso chenjerani abale. Kachilombo ka korona kaja kamalowa m'selo ndi RNA yake, nkupangitsa selo kupanga enzyme ya kachilomboko yokopera RNA kuchokera pa RNA. Dothi ndi lanu, mphamvu ndi zanu, koma chikombole ncha mlendo, ndiye njerwa zotuluka ndi zake. Malangizo ena amabwera choncho, okoma, achifundo, olo ochokera kwa achibale.

Amene mwauka ndi ngongole, ndi fizi, ndi khoma loima ngati langa, musachoke pa chikombole. Mundikumbukire m'mapemphero, womanga akubwera Loweruka kudzamva yankho langa pa nkhani ya simenti ija.